Chigodola sichidikira chiphaso pa Kachulu

Pamene chilengezo choletsa kuyendetsa ndi kugulitsa nkhumba chikumveka pa wailesi, nkhumba zodwalazo zimakhala zitadyedwa kale. Aliyense amene anawetapo nkhumba kuno ku Zomba amadziwa mmene nkhani yake imayendera. Mayi adzuka m'mawa, apeza nkhumba ziwiri zaunjikana pakona pa khola, madeya sizikuwayang'ana n'komwe, makutu ndi kumimba kwafiira. Dzuwa lisanalowe imodzi yafa. Usiku umenewo banja likhala pansi kukambirana mmene lingagulitsire zotsalazo zisanatsatire inzawo. Dzina la mlangizi wa ziweto silitchulidwa, ndipo likatchulidwa ndiye kuti wina akuchenjeza anzake kuti nkhaniyi isamupeze. Kunja kusanayere wogula wafika ndi njinga yake, wadula mtengo pakati, wamanga nkhumba pakaliyala. Masana nyamayo ili pachiwaya pamsika, ina yakulungidwa m'jumbo ulendo wa kumudzi wina, madzi otsukira mpeni ndi matumbo akhuthulidwa pomwe nkhumba za eni ake zimafukula. Chigodola, mliri wa nkhumba umenewu, sichigwira munthu, choncho wodya sadwala, ndipo palibe amene mtima umamutsutsa. Pakatha milungu iwiri makola a mudzi wonse ali pululu.

Tikamakamba zoteteza ulimi ndi ziweto ku matenda ochokera kunja kwa dziko, maso athu amathamangira ku zipata: Mwanza, Muloza, Songwe, Dedza, nyumba zatsopano ngati ija inatsegulidwa pamalire a Mchinji ndi Mwami mu Disembala 2022, ofisala wa yunifolomu akufunsa mapepala a katundu. Zonsezo n'zofunika. Koma matenda akalowa, kaya adzera pachipata kaya adzera m'tchire, woyamba kuwaona ndi mwini khola kapena mwini munda. Ameneyo ndiye mlonda weniweni wa malire athu. Ndipo mmene zinthu zilili lero, mlonda ameneyu amapeza phindu akabisa, amaluza akaulula. Ine ndikuti ndalama ndi nzeru zathu ziyambire pamenepo, chifukwa chipata chingawale chotani, ngati mwini khola akuopa kulankhula, matenda adzayendabe mmene akufunira.

Taonani malire amene ife a ku Zomba tili nawo. Boma lathu limakumana ndi Mozambique kummawa, kuseri kwa nyanja ya Chilwa. Chipata chodziwika chapafupi ndi cha Nayuchi ku Machinga, pomwe imalowera njanji yochokera ku Nacala, kenako Chiponde ku Mangochi ndi Muloza ku Mulanje. Pakati pa zipata zimenezi pali madambo, minda, ndi tinjira ta njinga tosawerengeka. Bwato lonyamuka padoko la Kachulu limafika ku chilumba cha Chisi, limafikanso ku midzi ya tsidya lija monga Chinguma ndi Ngotangota, komwe munthu akhoza kulima m'dziko lina n'kukagona m'dziko lina. Pobwerera bwatolo limanyamula matemba, mpunga, chimanga, nkhuku zomanga miyendo, mbuzi, ndi mtolo wa mbewu ya chinangwa umene wina wapatsidwa ndi alamu ake. Nyanja ikaphwa, monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995, komanso mmene inathawira kutali mu 2018, bwato silifunikanso. Munthu amangoyenda pansi, ziweto patsogolo.

Anthu a mbali ziwirizi ndi amodzi. Alomwe ambiri a ku Zomba ndi Phalombe makolo awo anachokera tsidya lomwelo. Ayao ndi Anyanja ali kuno, ali uko. Maliro amalira limodzi, ukwati amavina limodzi, ndipo palibe amene amapita kwa apongozi chimanjamanja. Pa nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, dziko lino linasunga anthu othawa kwawo oposa miliyoni imodzi. Chaka cha njala, chimanga chobwera pa njinga kuchokera ku Mozambique ndi chimene chimapepuza mtengo m'misika ya kuno kummwera. Choncho munthu akamati tingotseka malire basi, ndimadziwa kuti Febuluwale wa kumudzi sanamulawepo.

Komatu zimene zinalowa kale zatilanga mokwanira, ndipo ndi bwino tizikumbutsana chifukwa timaiwala msanga. Achikulire akukumbukira nthawi imene chimanga chinkakhala m'nkhokwe ndi makoko ake mpaka china chitacha kumunda. Anankafumbwe analipo, koma ankadya n'kusiyako mwini wake. Nankafumbwe wamkulu, uja amaboola chimanga chili pachitsononkho n'kuchisandutsa fumbi, osasiya ngakhale makaka kapena mitengo ya nkhokwe, kwawo ndi ku Central America. Anaonekera ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kuno analowera ku Karonga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Lero m'midzi yathu nkhokwe zikusowa. Ena amati n'chifukwa cha akuba, ndipo sakunama, koma kachilomboka kanathandizira kwambiri. Mlimi tsopano ayenera kutonola chimanga chonse, kugula matumba, kugula Actellic kapena matumba aja osalowa mpweya, chaka ndi chaka. Umenewu ndi msonkho umene Nyumba ya Malamulo sinaukambirane, koma banja lililonse limaupereka, ndipo adzukulu athu adzauperekabe.

Nkhani ya nthochi ndiye imapweteka kwambiri. Chisaka, matenda a nthochi, chinayamba kuoneka m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990. Pamunda chimafalitsidwa ndi tinsabwe ta nthochi, koma tinsabwe sitikwera basi. Chimene chinatenga matendawa kuchoka boma lina kufika boma lina ndi ana a nthochi amene anthu ankapatsana mwachikondi, ooneka abwinobwino pamaso. Nkhata Bay, Thyolo ndi Mulanje, maboma amene ankadyetsa dziko lonse nthochi, anagwada. Dziko limene nthochi zinkapsera mumtengo kuseri kwa bafa linafika pogula nthochi ku Tanzania ndi ku Mozambique. Chisaka chilibe mankhwala. Njira yake ndi kuzula phata lonse, ndipo midzi yoyandikana izule nthawi imodzi. Alimi ambiri atauzidwa zimenezi anazengereza, ena anakaniratu, ndipo ife a m'tauni tinawatcha osamva. Koma munthu amene nthochi zake zodwalazo zikumupatsabe kamkoko kamodzi kogulira sopo ndi mchere, mukamuuza kuti azule lero, mbewu yabwino ibwera mtsogolo, mwamuuza kuti adye chiyani pakatipa? Funso limeneli silinayankhidwe msanga, ndipo chisaka chinapezerapo mpata.

Mndandanda wake ndi wautali. Kodikodi wa chinangwa anachokera ku South America, anafika ku Congo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 atakwera pa mbewu ya chinangwa, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 anali atagwetsa njala ku Nkhata Bay. Chinatipulumutsa ndi kamavu kakang'ono kochokera kwawo komweko, kamene akatswiri a bungwe la kafukufuku wa zaulimi la IITA anakaswetsa n'kukamwaza m'maiko a mu Africa. Nsabwe za mitengo ya mkungudza zinayamba kupezeka mu Africa muno mu 1986, ndipo dziko loyamba linali Malawi. A kafukufuku wa za nkhalango ku FRIM, pano pa Zomba pomwe, nkhaniyi amaidziwa bwino. Namasupuni amene amavutitsa pa Shire naye si wakuno, kwawo ndi ku South America.

Tisanamizane, pali zina zimene palibe chipata chingaziletse. Mbozi zowononga chimanga zimene ambiri timangozitcha ntchemberezandonda zinaoneka koyamba kumadzulo kwa Africa kumayambiriro kwa 2016, zitachokera ku America. Chaka chisanathe bwino zinali m'minda yathu, ndipo mu Disembala 2017 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pangozi. Agulugufe ake amauluka usiku, ndipo mphepo ikawathandiza amatha mtunda wa makilomita 100 kusanache. Palibe ofisala akanawaimika. Chimodzimodzi mbalame za m'madzi zimene zimatera pa Chilwa kuchokera kutali, zina mpaka ku Ulaya ndi Asia, pomwe tikudziwa kuti chimfine cha mbalame chinaphetsa nkhuku mamiliyoni ku South Africa mu 2023 mpaka mazira kusowa m'masitolo. Pa zinthu zotere chimene chimasiyanitsa chaka choipa ndi chaka cha tsoka ndi nthawi imene yadutsa kuchokera pamene munthu woyamba waona chachilendo kufika pamene amene angachitepo kanthu amva. Alimi athu anayesa zawo: dothi, phulusa, sopo waufa, msuzi wa usipa woitanira nyerere pamutu pa chimanga. Maso ali nawo ndipo nzeru ali nazo. Njira yoti zimene aona zifike msanga kumene zikufunika ndiyo yoperewera.

Zimene zili pakhomo kudikira kulowa n'zoopsa kuposa zina zimene tazitchulazi. Mu 2013, pa munda waukulu wa nthochi ku Monapo, m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, panapezeka matenda ofotetsa nthochi otchedwa TR4, koyamba mu Africa muno. Matenda amenewa amakhala m'dothi kwa zaka makumi angapo. Amayenda ndi matope a kunsapato, a kumatayala, a pakhasu, ndi ana a nthochi. Munda ukagwidwa, wagwidwa, palibe mankhwala opopera. Monapo ali m'njira yopita ku doko la Nacala, njira yomwe katundu wathu amadzera. Tangoganizani: takhala zaka tikuzula nthochi za chisaka, mabungwe ndi boma akugawa mbewu yoyera, alimi a ku Thondwe, Malosa ndi Chingale ayambanso kuona mikoko, kenako munthu mmodzi abwere ndi ana a nthochi asanu amene wawakonda tsidya lija. Kumpoto nako, ku Tanzania kuli mliri wa mbuzi ndi nkhosa wotchedwa PPR kuyambira 2008. Mbuzi ndiyo banki ya mayi wa kumudzi, ndiyo fizi ya mwana wa sekondale.

Apa ndi pamene chipata chili ndi ntchito yake, ndipo boma likachita bwino tiziliyamikira. Mu Disembala 2023 Unduna wa Zamalimidwe unaletsa chimanga chosagaya chochokera ku Kenya ndi Tanzania poopa matenda a Maize Lethal Necrosis, n'kulola ufa ndi chimanga chogaya chokha. Anthu anadandaula, ndipo kudandaulako kunali komveka: namondwe wa Freddy anali atangotisiya manja ali m'khosi mu Malichi chaka chomwecho, mtengo wa chimanga unali kumwamba. Komabe ine ndimaona kuti chigamulocho chinali cholondola. Mu Africa muno matendawa anaoneka koyamba ku Kenya mu 2011, amayamba tizilombo tiwiri ta mtundu wa vairasi tikakumana m'chimanga chimodzi, ndipo amatha kupha munda wonse. Mmalawi tonse tikumudziwa: chimanga chogula pamsika kuti adye, mvula ikagwa alibe ndalama ya mbewu, amatapako n'kukabzala. Ufa sungabzalidwe. Lamulo limenelo linatseka khomo limene matenda akanadzera n'kusiya khomo la chakudya lili lotsegula. Linali ndi chifukwa chotchulika, ndipo munthu wamba akanatha kulimvetsa.

Siyanitsani zimenezo ndi mkangano wa 2025, pamene Malawi analetsa katundu wina wakunja mu Malichi pofuna kuteteza alimi ndi amalonda akuno komanso ndalama zakunja, ndipo Tanzania inabwezera mu Epulo potseka zokolola zathu kwa masiku angapo mpaka mbali ziwirizi zitagwirizana zokambirana. Imeneyo inali nkhani ya malonda, ndipo ili ndi mtsutso wakewake. Vuto ndi lakuti kwa mayi wa geni pamalire, chiletso ndi chiletso basi. Akazolowera kuti ziletso zimabwera ndi ndale n'kupita ndi ndale, tsiku limene mudzamuuze kuti mbuzi izi zisadutse chifukwa kuli mliri, adzaganiza kuti ndi nyimbo yomwe ija, n'kudzera njira yakuseri. N'chifukwa chake chiletso cha matenda chiyenera kubwera ndi dzina la matendawo, dera limene lakhudzidwa, chimene chikuloledwabe, ndi tsiku limene chidzaunikidwenso. Ndipo matenda akatha, chilengezo chotsegula chimveke mokweza ngati mmene chinamvekera chotseka.

Pazipata pathu mphamvu zambiri zili pa msonkho. Aliyense wodutsa amadziwa kuti a MRA amufunsa, a Immigration amudindira. Oyang'anira za umoyo wa mbewu ndi ziweto aliponso, ndipo lamulo lowapatsa mphamvu lilipo, kuphatikizapo lamulo loteteza mbewu la 2018, koma ntchito yawo silowetsa ndalama yooneka tsiku lomwelo, choncho pogawa chuma imakhala kumchira. Chonsecho zinthu zimene zimagwetsa maiko n'zazing'ono zoti wa msonkho sangaziyang'ane kawiri. Mu 2001 ku Britain matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi anayambira pa khola limodzi la nkhumba zimene zinkadyetsedwa zotsala za chakudya zosaphitsa. Ziweto zoposa 6 miliyoni zinaphedwa, ndipo ngakhale chisankho chinasunthidwa. Mu 2007 chigodola cha nkhumba chinatulukira ku Georgia, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti chinafika ndi zotsala za chakudya za m'sitima yapamadzi pa doko la Poti. Chinayenda kudutsa Russia mpaka kufika ku China mu Ogasiti 2018, dziko limene linali ndi pafupifupi theka la nkhumba zonse za padziko lapansi. Mtundu wa chigodola chimenecho ndi wofanana ndi wa kuno kwathu, wa ku Mozambique, Zambia ndi Madagascar. Nafenso timatumiza matenda, sitingolandira, ndipo anzathu a tsidya la Chilwa ali ndi chifukwa chotiopera monga mmene ife timawaopera.

Tsono tibwerere kwa mwini khola. Akaulula kuti nkhumba zake zikufa, chimachitika n'chiyani? Msika utsekedwa. Zotsala zake sangagulitse. Anansi amuloza chala kuti ndiye waitanitsa aboma. Ogulitsa kanyenya amukwiyira. M'thumba mwake simulowa kanthu. Akabisa, apulumutsako theka la ndalama yake. Munthu wanzeru zake, wa ana ofuna kudya, asankha chiyani? Tikhoza kumulalikira pa wailesi chaka chonse, masamu akewo sasintha.

Chofunika ndi thumba la chipukuta misozi, lokhala ndi ndalama mliri usanabwere, loperekedwa msanga kwa amene waulula msanga. Amene wanena tsiku loyamba kapena lachiwiri alandire gawo lalikulu la mtengo wa ziweto zimene zaphedwa ndi kukwiriridwa pamaso pa mlangizi ndi amfumu. Amene wadikira mpaka khola latha alandire zochepa. Amene wagwidwa akugulitsa nyama ya chiweto chodwala asalandire kanthu, ndipo lamulo ligwire ntchito. Ndalamayo isamachite kudikira miyezi isanu ndi umodzi ndi maulendo atatu opita kuboma. Masiku ano pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi munthu wa Airtel Money kapena Mpamba. Ngati ndalama ya mtukula pakhomo imafika kumudzi, iyinso ikhoza kufika.

Ndikudziwa zimene ena anene. Choyamba, boma lilibe ndalama, mankhwala m'zipatala akusowa, ndiye tizilipira nkhumba zakufa? Yankho langa ndi lakuti tikulipira kale, kungoti timalipira mochedwa ndiponso mokwera. Kulipira makola atatu oyamba n'kotchipa kuposa kutaya nkhumba za dera lonse la mfumu yaikulu, kenako n'kufunafuna mabungwe oti adzagawenso ziweto. Chigodola chilibe mankhwala, ndipo mlimi wa kuno alibe katemera woti angagule. Chida chokha chimene tili nacho ndi kuchitchinga chisanatuluke m'mudzi woyamba. Chachiwiri, anthu adzabera: wina adzalembetsa nkhumba khumi ali ndi zitatu, wina adzagwirizana ndi wolemba. Zoona, ena adzayesa, monga amayesera pa makuponi a fetereza. Koma nkhumba si dzina la papepala. Iyenera kuoneka, kujambulidwa pa foni, kukwiriridwa anthu akuona. Ndipo chipukuta misozi chikakhala chocheperako pa mtengo wa pamsika wa nkhumba yamoyo, palibe amene angadwalitse dala khola lake. Chimangofunika kuposa mtengo wakuba uja umene wogula wa mbandakucha amapereka. Kuopa wakuba mmodzi kusatichititse kusiya alimi zana opanda chifukwa chonenera zoona.

Koma ngakhale mlimi atafuna kuulula, auza ndani? Kale dibi linali malo amene ng'ombe za dera lonse zinkaonedwa ndi munthu wodziwa, kawirikawiri, popanda kuitanidwa. Madibi ambiri anafa boma litachotsako dzanja m'zaka za m'ma 1990, ndipo pamodzi nawo panafa diso limene linkaona matenda asanafale. Lero mlangizi mmodzi wa ziweto amayang'anira dera loti sangalimalize ngakhale atakhala ndi njinga yamoto, ndipo mafuta ake nthawi zambiri amachokera m'thumba la mlimi amene wamuitana. Akatenga magazi, labotale yaikulu ya za ziweto ili ku Lilongwe, pafupifupi makilomita 300 kuchokera kuno, ndipo zoyesa zina zimapita mpaka kunja kwa dziko. Podzafika yankho, nkhani yatha. Chitsanzo chabwino tili nacho kale pa chitopa. Katemera wa I-2, wodonthezera m'diso mwa nkhuku, amapangidwa m'dziko momwe muno, sachedwa kuonongeka ndi kutentha ngati akatemera ena, ndipo m'midzi yambiri amaperekedwa ndi anthu a m'mudzi momwemo amene anaphunzitsidwa. Anthu amenewa amalowa pakhomo lililonse katatu pachaka. Apatsidwe nambala imodzi yaulere yoimbira, kamayunitsi pang'ono, ndi chitsimikizo chakuti akaimba wina abwera mawa lake. Pa Kachulu, pa Jali, pa Mayaka, pa Songani, tsiku la msika pakhale munthu wodziwa kuyang'ana m'kamwa mwa mbuzi ndi kunsi kwa tsamba la chinangwa, amene ntchito yake si kudula tikiti.

Chilolezo choyendetsera ziweto nachonso chiganiziridwe. Pepala limene munthu ayenera kulitsata ulendo wa tsiku lathunthu, kulipira thiransipoti yoposa phindu la mbuzi ziwiri zimene akugulitsa, ndi pepala limene silidzatengedwa. Adzadutsa usiku, kapena adzakonza kangachepe ka pa rodibuloko, ndipo tonse tikudziwa kuti ka fanta kameneka sikayeza kutentha kwa mbuzi. Wamalonda wamng'ono wa mbuzi zitatu apeze chilolezo pamsika pomwepo, chaulere kapena cha mtengo wa mandasi, chiweto chitaonedwa. Cholinga cha pepalalo ndi kudziwa kumene chiweto chachokera ndi kumene chikupita. Tikalisandutsa njira yotolera ndalama, timataya zonse ziwiri.

Ndipo a za ulimi a ku Zomba, Machinga ndi Phalombe ayenera kudziwana maso ndi maso ndi anzawo a ku Mecanhelas ndi ku Milange ku Mozambique. Nkhumba zikayamba kufa tsidya lija, uthenga suyenera kudzera ku Maputo, kupita ku Lilongwe, kubwera ku Liwonde, kenako n'kufika kuno. Mafumu a m'malire amatumizirana kale uthenga wa maliro tsiku lomwelo. Asodzi a pa Chilwa amadziwa mtengo wa matemba wa mbali zonse ziwiri dzuwa lisanafike pamutu. Uthenga wa matenda a ziweto ndi wokhawo umene timaufuna uvale tayi.

Pomaliza pa olakwa tisaiwale ife eni, ophunzira ndi oyenda. Mlimi wa pa njinga timamunena kwambiri, koma amene amabwera ndi timitengo ta zipatso m'sutukesi kuchokera ku Johannesburg, njere za tomato zoitanitsa pa intaneti, anapiye ndi mazira a nkhuku zamtundu zogulidwa pa WhatsApp, si iyeyo. Mabungwe a ndondomeko zopatsirana ziweto amagula mbuzi mazana m'misika yakutali n'kuzigawa m'midzi, ndipo si onse amene amayamba azisunga pazokha milungu ingapo kuti zioneke ngati zili bwino. Mphatso yotere ikhoza kupha mbuzi zimene inazipeza. Oweta nsomba nawo: mu 2020 matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS anabuka ku Mchinji, atavutitsa kale ku mtsinje wa Zambezi, ndipo amayenda ndi nsomba zamoyo, maukonde ndi madzi. Zomba ndi likulu la ulimi wa nsomba, malo a kafukufuku wake ali ku Domasi, maiwe ali mbwee ku Chingale. Munthu wogula mbewu ya nsomba kwa aliyense amene walengeza pa Facebook kuti yake imakula msanga akuika pachiswe maiwe a anzake ndi nyanja ya Chilwa yomwe.

Sindikupempha kuti zonsezi zichitike dziko lonse mawa. Khonsolo ya Zomba, pamodzi ndi a Machinga ADD, ofesi ya za ulimi ya chigawo chino imene ili ku Liwonde, itenge dera limodzi, tinene kuyambira pa Jali kukafika pa Kachulu ndi ku Chisi, iyese kwa zaka ziwiri: kathumba ka chipukuta misozi, nambala yoimbira, munthu pamsika ndi padoko, chilolezo chapafupi, ndi msonkhano wa kawiri pachaka ndi anzathu a ku Mozambique. Thumba la chitukuko cha m'madera lilipo, ndipo mlatho si chitukuko chokhacho. Pakutha pa zaka ziwirizo asadzatiwerengere misonkhano imene achititsa kapena matisheti amene agawa. Adzatiuze kuti poyamba pankadutsa masiku angati kuchokera pamene nkhumba yoyamba yafa kufika pamene mlangizi wamva, ndipo tsopano pakudutsa angati.